Kufukula nzeru zatsopano: zomwe makina oswera mtedza anandiphunzitsa

Ntchito yanga ndi yowotcherera zitsulo ndi kukhoma malata. Ndili ndi kashedi kuseri kwa msika kuno ku Kasungu boma, ndipo pamakhala anyamata atatu amene ndikuwaphunzitsa. Tsiku ndi tsiku timapanga zomwe anzathu onse amapanga: mafelemu a mawindo, zitseko, ndowa, mbaula, mwa apo ndi apo ngolo. Koma anthu akaona makina oswera mtedza amene ndinapanga, amayamba awazungulira kaye, kenako n'kufunsa kuti, "Madala, nzeru zimenezi munazitenga kuti?" Ndikufuna ndiyankhe funso limeneli mofatsa, chifukwa zimandipweteka kuona achinyamata athu akukhulupirira kuti nzeru zatsopano n'zobadwa nazo, ati ena anapatsidwa, ena anamanidwa. Zili ndi njira zake, ndipo munthu amaziphunzira monga mmene amaphunzirira kugwira nyundo.

Poyambira pake ndi vuto. Likhale limodzi, laling'ono, ndiponso lokhala ndi mwini wake amene mungamutchule. Mukakhala pansi n'kumati "ndiganize bizinesi yatsopano," mudzagona ndi mutu wopweteka basi. Mutu sugwira ntchito pa chinthu chopanda chogwirira.

Langa ndinalipeza kwa achemwali anga, kumudzi cha ku Chamama. Mitengo ya fodya itayamba kukhumudwitsa, iwo ndi alamu anatembenukira ku mtedza ndi soya. Chaka china ndinapita kukawaona mu Julaye, ndipo ndinawapeza pakhonde, lichero lili pamiyendo, thumba la mtedza pambali, kutsogoloku kambale ka madzi. Zala zawo zazikulu zinali zitang'ambika m'mphepete mwa zikhadabo, china atachikulunga ndi kansanza. Ankawaza madzi pa mtedzawo kuti makoko afewe. Madzi amenewa ndi amene amaitana chuku, ndipo chuku cha mtedza chimabala poizoni uja alangizi amamutcha aflatoxin, wowononga chiwindi, yemwenso amachititsa kuti ogula akuluakulu abweze mtedza. Nditawakumbutsa zimenezi, anangondionetsa manja awo n'kunena kuti, "Achimwene, nanga nditani? Matumba akadali 12 m'nyumbamu."

Nditabwerera ku boma ndinagula kope la ana asukulu ndi pensulo. Gulani lanu. Ganizo limabwera ngati mbalame yotera pazenera, mukapanda kuligwira nthawi yomweyo, madzulo mumangokumbukira kuti panali kanthu kenakake. Kope langa limakhala m'thumba la ovolosi, lili ndi mafuta ndi zidindo za zala, ndipo kalembedwe kake palibe wina angawerenge. Sizitengera kudziwa kulemba bwino. Jambulani ngati kulemba kukuvuta, kapena jambulani mawu anu pa foni.

Pa tsamba loyamba ndinalemba kuti, "Ndipange makina oswera mtedza." Patapita masiku awiri ndinafufuta. Chiganizo chimenecho chinali chitanditsekera kale m'khola, chifukwa chinali chitasankhiratu yankho. Ndinalembanso kuti, "Achemwali aswe mtedza wouma, osawaza madzi, zala osang'ambika, njere osasweka." Taonani kusiyana kwake. Chachiwirichi chimalola kathabwa kopanira, chimalola choponda ndi phazi, chimalola ngakhale kubwereka makina kwa wina. Chimandiuzanso mmene ndidzadziwire kuti ndakwanitsa. Choncho vuto lanu mulilembe katatu kapena kanayi m'mawu osiyanasiyana, ndipo musankhe mawu amene akunena zofuna za mwini vutolo, osati chida chimene inu mumachikonda. Wowotcherera aliyense amaona ngati yankho ndi chitsulo. Mmisiri wa matabwa amaona thabwa.

Kenako ikani manja kumbuyo, muyang'ane. Apa ndi pamene ambiri amafulumira, ndipo ine ndimati theka la ntchito lili pomwepa. Ndinabwerera kumudzi Loweruka lotsatira n'kukhala masana onse pambali pa achemwali, osagwira kanthu. Ndinaona kuti sapana khoko paliponse. Amalitembenuza kaye ndi chala, n'kupana kumlomo kwake pamene pali mzere, khoko n'kung'ambika motsatira mzerewo, njere osakhudzidwa n'komwe. Ndinaonanso kuti akatopa amatenga mtedza wodzaza dzanja n'kuufikisa pa mwala wa pakhonde, ndipo wouma bwino umasweka wokha. Kufikisa kumeneko ndi kumene kunadzakhala mtima wa makina anga. Ndakhala ndikuona anthu akuswa mtedza chibadwire, koma tsiku limenelo ndi limene ndinayang'ana koyamba. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo sananame.

Ku Switzerland kunali injiniya wina, George de Mestral. Mu 1941 anabwera koyenda m'tchire ndi galu wake, onse awiri atadzaza tinjere tomata, tofanana ndi mmene chisoso chimatimatira pa thalauza tikamadutsa m'munda mu Epulo. M'malo mongotithothola n'kutaya, anatiika pa makina okuza zinthu, n'kuona kuti kanjere kalikonse kali ndi timbedza tokola ulusi. Mu 1955 anali atalembetsa chomatira chija cha Velcro, chimene lero chili pa nsapato za ana athu ndi pa zikwama. Tonsefe chisoso chatimatapo kambirimbiri. Kusiyana kwake n'kwakuti iye anafunsa kuti chikumata bwanji.

Mukayang'ana mokwanira, yambani kutulutsa njira, ndipo muzitulutse zambiri. Ine ndimadziikira lamulo: njira 20 ndisanasankhe iliyonse. Zisanu zoyamba zimabwera mosavuta chifukwa ndi zomwe aliyense angaganize. Pofika pa 10 mumayamba kuuma. Musaime pamenepo, pakuti zachilendo zimabisala kuseri kwa kuumako. Pa tsamba langa panali zoseketsa ndithu: kuponda thumba ndi tayala la ngolo, kusinja pang'onopang'ono mumtondo woyalamo mpira, kupana ndi zitseko ziwiri. Yoponda ndi tayala inali yosatheka, koma inandisiyira mawu oti "tayala" m'mutu, ndipo mudzaona mmene anadzabwererera.

Chachikulu apa n'kusasakaniza kukolola ndi kusankha. Pokumba mtedza simuima pa phando lililonse kuti muone njere zofwifwa. Mumakumba, mumaunjika, kusankha kumabwera tsiku lina. Munthu wina wa ntchito yotsatsa malonda ku America, Alex Osborn, ndi amene anatchukitsa njira imeneyi m'zaka za m'ma 1940 ndi 1950. Malamulo ake anali osavuta: osadzudzula ganizo pa nthawi yolitulutsa, kufuna kuchuluka, kulandira ngakhale zooneka zamisala, ndi kumanga pa ganizo la mnzako. Ndayesa ndipo ndaona kuti lamulo loyambalo ndi lovuta kuposa onse, makamaka ukakhala wekha, chifukwa wodzudzula woopsa amakhala m'mutu mwako momwemo. Akamalankhula ndimangomuuza kuti nthawi yake ndi mawa.

Pa nkhani yoganiza pagulu ndili ndi mawu, chifukwa kwathu kuno pali chopinga chimene mabuku akunja satchula kawirikawiri. Ife tinaleredwa kuti wamkulu akalankhula, wamng'ono avomere. Ndi mwambo wabwino pa maliro ndi pa milandu, koma pofuna nzeru zatsopano umapha maganizo adakali m'kamwa. Poyamba ndinkasonkhanitsa anyamata anga n'kuyamba ndine kunena zomwe ndikuganiza, kenako n'kufunsa, "Inu mukuona bwanji?" Yankho linali limodzi: "Zili bwino, abwana." Tsopano ndimachita motere. Ndimafotokoza vuto lokha, yankho langa ndimalisunga. Aliyense amatenga choko n'kupita pa kona yake, n'kujambula pansi kapena pa lata njira zosachepera zitatu, osalankhulana, kwa mphindi 15. Tikasonkhana amayamba wamng'ono pa onse, ine ndimamaliza. Palibe woseka mnzake. Ndinadzamva pambuyo pake kuti ku yunivesite ya Yale anayesa zimenezi mu 1958, n'kupeza kuti anthu oganiza aliyense payekha, kenako n'kuphatikiza, amatulutsa maganizo ambiri kuposa gulu lolankhulira pamodzi. Sizinandidabwitse. Mutu umodzi susenza denga, n'zoona, koma mutu uliwonse uyambe wabwera ndi mtengo wake. Njira imeneyi mungaigwiritse ntchito ku banki m'khonde, ku kalabu ya alimi, kukwaya, ngakhale pabanja pokambirana za munda.

Tsopano ndifike pa njira imene ndimaidalira kuposa zonse, yomwe ndi kubwereka. Pansi pano zinthu zatsopano kotheratu n'zochepa kwambiri. Zambiri ndi zinthu ziwiri zakale zimene zinali zisanakumanepo.

Ife a ku Kasungu sitifunika kupita kutali kukafuna chitsanzo. William Kamkwamba wa ku Wimbe anasiya sukulu chifukwa cha kusowa fizi pa nthawi ya njala ya 2001 ndi 2002, njala imene aliyense wa msinkhu wanga amaikumbukira ndi mtima wolemera. Ankapita ku kalaibulale ka pa sukulu ya pulayimale, n'kupezamo buku lokhala ndi chithunzi cha makina a mphepo pachikuto. Chingerezi chinkamuvuta, ndiye ankatsatira zithunzi. Mu 2002, ali ndi zaka 14, anaimika nsanja ya mitengo ya bulugamu n'kupachikapo magetsi a mphepo. Tayang'anani zomwe anagwiritsa ntchito: felemu ya njinga ya bambo ake, dayinamo ya njinga, fani ya thirakitala yotayidwa, mapaipi apulasitiki owongoledwa pamoto. Palibe chimodzi mwa izi chimene anachipanga yekha. Dayinamo tonse tinkaidziwa, timaiona ikuyatsa nyali tayala likamazungulira. Mphepo tonse inkatiwomba. Iye anafunsa kuti, ngati mwendo ungazungulitse tayala, nanga mphepo ingalephere bwanji? Anthu ankamunena kuti wayamba misala. Mu 2007 anali ku Arusha, ku Tanzania, akufotokozera dziko lonse.

Chinanso chimene chimandisangalatsa ndi cha mphunzitsi wa kumpoto kwa Nigeria, Mohammed Bah Abba, wochokera ku banja loumba mbiya. Agogo athu onse ankadziwa kuti madzi a mumtsuko amazizira, chifukwa dothi limatuluka thukuta ndipo thukutalo likamauma limachotsa kutentha. M'zaka za m'ma 1990 iye anatenga mbiya yaing'ono n'kuilowetsa m'yaikulu, pakati n'kuthirapo mchenga wonyowa, pamwamba n'kuphimba ndi nsalu yonyowa. Tomato ndi ndiwo zamasamba zimakhalitsa mmenemo popanda magetsi. Zimagwira bwino m'chilimwe, mpweya ukakhala wouma monga mu Okutobala kwathu kuno. Ngati mumagulitsa tomato pamsika, yesani.

Funso lobwerekera ndi ili: ndani amagwira kale ntchito imeneyi, kwina kwake, pa chinthu china? Mukafuna kusiyanitsa zazikulu ndi zazing'ono, womanga nyumba amasefa mchenga tsiku lililonse. Mukafuna kuchotsa zopepuka pa zolemera, mayi wopeta ndi lichero anamaliza kale nkhaniyo. Mbozi zolowa mumtima mwa chimanga zija zitafika cha m'ma 2017, alimi ena anafunsa kuti ndani amadya mbozi, yankho n'kukhala nyerere. Nanga nyerere zimabwera ndi chiyani? Anayamba kuthira msuzi wa usipa m'mitima ya chimanga kuti nyerere zikwere. Kaganizidwe kameneka ndi kamene ndikunena. Chifukwa chake ine pa mwezi ndimapatula tsiku loyendera amisiri a ntchito zina: kwa telala, kuchigayo, kwa okonza njinga zakabaza, kwa oumba mbaula zadothi. Ndimakhala pansi, ndimafunsa, ndimajambula m'kope. Safunsa anadya phula.

Mukasankha njira ziwiri kapena zitatu zooneka zanzeru, ziyeseni motchipa ndiponso mwachangu. Musagule chitsulo chatsopano, musatenge ngongole, musauze mudzi wonse. Ine ndimayamba ndi katoni: ndimadula, ndimalumikiza ndi waya, ndimaona ngati zikuyenda. Zikatero ndimapita ku zitsulo zotayidwa. Makina anga oyamba anali diramu lakale lodulidwa pakati, pansi pake nditaikapo sefa ya tizitsulo, pamwamba chogwirira chopita uku ndi uku chokhala ndi chitsulo chofikisa mtedza pa sefapo. Ndinagula ndowa imodzi ya mtedza pamsika, anyamata atazungulira, ndinathira n'kuyamba kupukusa. Makoko anasweka bwino, mtima unagunda. Koma nditatola zomwe zagwa pansi, njere zambiri zinali zogawika pakati, zina zophwanyika ngati zopangira nsinjiro. Mtedza wotere venda amagula pa mtengo wotsika kwambiri. Achemwali akadaluza kuposa kale.

Tsiku lolephera ndi limene limasiyanitsa anthu. Ambiri amati "sizinatheke" n'kukankhira chinthucho pakona. Ine ndili ndi zida ziwiri za tsiku lotere.

Choyamba ndi kufunsa "chifukwa chiyani" mobwerezabwereza, ngati mwana wa zaka zinayi. Ku kampani ya galimoto ya Toyota, ku Japan, mkulu wina dzina lake Taiichi Ohno ankaphunzitsa antchito kuti makina akaima afunse funsoli kasanu asanagwire sipanala. Ine ndinachita motere. Njere zikusweka chifukwa chiyani? Chifukwa chitsulo chikuzimenyanso zitatuluka kale m'khoko. Chikuzimenyanso chifukwa chiyani? Chifukwa sizikugwa msanga. Sizikugwa chifukwa chiyani? Chifukwa mipata ya sefa ndi yaing'ono kwa njere zina. Nanga ndinayeza, yachepa bwanji? Apa ndinakhala chete kanthawi. Ndinali nditayezera mtedza wa dzanja limodzi, pamene m'ndowamo munali wosakaniza, wina wamkulu ngati Chalimbana, wina wocheperapo. Vuto silinali m'makina mokha. Linayambira makina asanafikidwe. Yankho ndinalibwereka kwa womanga nyumba uja: sefa ya mawaya yosiyanitsa makoko aakulu ndi aang'ono kaye, gulu lililonse n'kuswedwa palokha, ndi sefa ya pansi yochotseka kuti muzisintha malinga ndi mtundu wa mtedza.

Chachiwiri ndi kutembenuza funso. Ndinafunsa anyamata kuti, "Tikadafuna kuti njere zonse zisweke, osatsala ngakhale imodzi, tikadatani?" Funso lotere limamasula pakamwa, chifukwa kuwononga aliyense amakudziwa. Mayankho anagwa ngati mvula: chofikisira chikhale chitsulo cholimba, tipukuse mothamanga, tidzaze mpaka pakamwa, mpata ukhale wothina. Ndinawalemba onse pa lata, ndipo titawayang'ana tinaona kuti zonsezo ndi zomwe tinkachita. Tinangotembenuza chimodzichimodzi. Pa chitsulo cholimbacho wamng'ono pa onse, yemwe anali atangotha miyezi iwiri pashedi, anati, "Abwana, bwanji tichiveke nsapato?" Anzake anafuna kuseka, ndinawaletsa ndi maso. Ankatanthauza mpira wa tayala lakale, wonga umene amapangira nkhwaira. Tayala lija la pa tsamba la njira 20 linabwerera kudzera pakamwa pa mwana. Tinadula chidutswa, tinachimanga ndi mabawuti, ndipo kusweka kunachepa kwambiri tsiku lomwelo.

Panatsala nkhani ya mpata pakati pa mpira ndi sefa. Mtedza waukulu umafuna mpata waukulu, waung'ono wocheperapo, ndipo sindikanatha kuwotcherera makina awiri. Ndinavutika nayo sabata yathunthu. Ndinajambula masamba asanu ndi limodzi, onse ofuna zipangizo zodula. Kenako kunagwa maliro kumudzi, ndinatseka kope n'kukwera njinga. Pa msewu wafumbi, pakachitunda kena, tcheni linavuka. Ndinatsika, ndinaitembenuza njinga miyendo m'mwamba, ndinamasula manati awiri a tayala lakumbuyo n'kulikokera m'mbuyo pang'ono kuti tcheni likungike. Manja ali bii ndi mafuta, sipanala ili m'dzanja, maso anagwera pa kampata kotalika kamene ekiselo imatsetserekamo. Bowo lake si lozungulira, ndi lotalika. Umamasula, umasuntha, umamanga. Ndinakhala pansi pa udzu pomwepo, n'kujambula pa chikuto cha kope chala chili ndi mafuta. Chidindo chimenecho chikadalipo. Nditabwerako ndinaboola mabowo awiri otalika m'mbali mwa makina, ndipo lero aliyense amakweza kapena kutsitsa chogwirira ndi sipanala imodzi.

Musamve molakwika. Ganizolo silinabwere chifukwa ndinasiya kuganiza. Linabwera chifukwa ndinali nditadzaza mutu ndi vutolo kwa sabata, kenako n'kuupatsa mpata. Mowa umafuna kuti uuphike kaye, kenako uusiye ugone. Ukausiya usanauphike, palibe chowira. Choncho limbanani nalo vuto mpaka mutope, ndiyeno nyamukani: pitani kudimba, katungeni madzi, yendani mpaka ku phiri la Kasungu n'kubwerako. Ku yunivesite ya Stanford anachita kafukufuku mu 2014 n'kupeza kuti anthu amatulutsa maganizo ambiri akamayenda kusiyana ndi akakhala pampando. Ife oyenda pansi tili ndi chuma chimenechi chaulere. Koma foni ikhale m'thumba. Ndaona anyamata anga, akangopeza mphindi ziwiri zopanda ntchito, maso ali pa WhatsApp ndi pa Facebook. Mphindi zimenezo ndi zomwe mutu umafuna kuti ulumikize zinthu, ndipo akuzipereka kwa anthu ena. Intaneti ndi yothandiza pofuna kuona mmene ena anathetsera vuto lofanana ndi lanu, ine ndimaonerapo kawirikawiri. Koma ndimayamba ndadzaza tsamba langa la njira 20, chifukwa ukaona yankho la wina usanaganize, mutu umakakamira pomwepo.

Makina atatha ndinawakweza pa lole kupita nawo kumudzi, ndili wonyada. Apa pali lamulo lina: perekani chinthucho kwa mwini vuto, inu mutseke pakamwa. Osamuuza pogwira, osamukonza. Achemwali anawazungulira, anagwira chogwirira, anapukusa kanayi ataimirira, kenako anasiya n'kugwira msana. "Achimwene, ife ntchito ya mtedza timagwira chokhala, tikucheza, mwana ali pamiyendo. Izi mwapangira amuna a kushedi kwanu." Ndinali nditayeza kutalika kwake potengera thupi langa. Mwana wawo wamkazi wa Sitandade 5 anawonjezera kuti makoko ndi njere zikugwera pamodzi pafumbi, bwanji pansi pasakhale polowetsa lichero? Zonse ziwiri sindinaziganizepo kwa miyezi iwiri, iwo anaziona m'mphindi zisanu. Mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Ndinadula miyendo ya makina, ndinasiya mpata wa lichero, ndipo chaka chimenecho kambale ka madzi sikanaonekenso pakhonde.

Ndinene zoona zake zonse. Makinawa amaswabe njere zina, ndipo amakanda khungu la zina. Mtedza wa mbewu ndimawauza achemwali kuti aziswabe ndi manja, chifukwa njere yokandika simera bwino. Ganizo labwino liyenera kudziwa malire ake, ndipo mwini wake akhale woyamba kuwatchula. Komanso makina oswera mtedza alipo ambiri pa dziko, ena abwino kuposa anga. Chimene chili changa ndi kuwakwaniritsa pa khonde limodzi, ndi zitsulo zopezeka pa Kasungu pompano, pa mtengo umene mlimi angaufikire.

Za okusekani ndingonena mwachidule. Adzakhalapo, ena mwa iwo abale anu. Mverani amene akukuuzani pamene chinthu chalakwika, chifukwa akukugwirirani ntchito yaulere. Amene akungoti "zimenezo sizingatheke kuno" osatchula chifukwa, apatseni moni n'kupitiriza. Ndipo ganizo likadali lanthete musalionetse kwa aliyense. Mbande ya fodya sitiitulutsa pa nazale isanakhwime.

Pano m'kope langa muli vuto lina, la kuthothola mtedza ku mitengo yake ukakumbidwa, ntchito imene imadya masiku ambiri a amayi ndi ana. Ndalilemba m'mawu anayi osiyana, ndakhala m'munda masana awiri ndikuyang'ana manja a anthu, ndipo tsamba la njira lafika pa 17. Ziwiri ndayesa kale: chipeso cha misomali chinang'amba makoko, diramu la mawaya linakola masamba n'kutsekeka. Sabata yatha ndinaona mwana akuyendetsa gudumu la njinga lopanda tayala, kamtengo kake kakugunda masipoko, ndipo ndajambula. Wokonza njinga wa pafupi ndi depoti wandilonjeza magudumu awiri opindika, ndikawatenga Lachisanu.